Lipoti la ulendo wa ku Lilongwe pa nkhani ya mabilu a za malo (lolembedwa mu 2022, mabiluwo asanakhale malamulo)

A Wapampando, a Mlembi, mafumu athu, amayi ndi abambo a gulu lathu la asodzi ndi alimi kuno ku Senga Bay, ndapitako ndipo ndabwerako bwino. Munandituma ku msonkhano wa masiku awiri wokambirana mabilu osintha malamulo a za malo amene boma lapititsa ku Nyumba ya Malamulo chaka chino cha 2022. Ndati ndichite kulemba kuti alovi amene ali panyanja usiku uno, ndi ana athu a ku Joni amene amatsatira za kumudzi pa foni, amve zimodzimodzi ndi amene mudzakhale pansi pa mtengo. Malisiti a transipoti ndi malo ogona ndapereka kale kwa mayi msungichuma, pamodzi ndi chenji.

Ndiyambe ndi chachikulu, kuopa ena angatope asanafike kumapeto. Mabiluwa sanakhale malamulo ayi, zija zinamveka kudooko kuti boma lasaina kale ndi mphekesera. Panopa ali m'manja mwa makomiti a aphungu kuti awaunike. Apa ndi pamene munthu wamba ngati ife angalembe pepala, n'kulowetsa mawu ake m'bilu. Akangobwerera m'nyumba yaikulu, oyankhula amakhala aphungu okhaokha, ife kumangomvera pa wailesi. Choncho nthawi tilibe.

Mabiluwo alipo 6: ya lamulo lalikulu la malo, ya malo a makolo, ya kaundula wa malo, ya kuyeza malo, ya mapulani a kamangidwe, ndi ya mmene boma limatengera malo n'kulipira chipukuta misozi. Onsewa akungosintha ndime zina m'malamulo amene alipo kale. Otikhudza kwambiri ife ndi awiri oyambawo.

Tsiku loyamba masana anatitengera ku Nyumba ya Malamulo komweko, ija anamanga ndi thandizo la dziko la China n'kuitsegulira mu 2010. Tinakhala m'mwamba, malo a alendo, osaloledwa kuomba m'manja ngakhale kung'ung'udza. Kunalowa bambo atasenza ndodo yonyezimira paphewa, pambuyo pake sipikala, mayi Catherine Gotani Hara, aliyense n'kuimirira. Tsikulo kunali bilu ina, osati ya malo, yoti iwerengedwe koyamba. Ine ndinatchera khutu, cholembera m'manja, ndimvekere lero ndimva lamulo lonse kuyambira pachikuto. Mlembi wa nyumbayo anaimirira, anatchula dzina la bilu, anakhala pansi. Basi, kwatha. Ndinafunsa mayi wa ku Dowa amene anali pambali panga ngati magetsi a zokuzira mawu athima. Anaseka chamumtima, amvekere kuwerenga koyamba n'komweko achimwene. Mipando ya aphungu inali 193, koma yambiri masana amenewo inali yopanda eni. Wotiperekeza anati ena amakhala ali ku ntchito zina za nyumba yomweyo. Ndangonena zimene maso anga anaona.

Loya amene anatiphunzitsa anafotokoza njira yonse. Bilu imayenera kusindikizidwa mu Gazeti ya boma masiku 28 isanawerengedwe koyamba, koma aphungu akagwirizana amatha kulumpha masikuwo, ndipo amatero kawirikawiri. Pa kuwerenga kachiwiri nduna imafotokoza cholinga cha bilu, zipani zimayankha, komiti imapereka lipoti lake. Kenaka nyumba yonse imakhala ngati komiti imodzi, kuyenda ndime ndi ndime, apa chotsani, apa onjezerani. Ikawerengedwa kachitatu imapita kwa Pulezidenti, amene ali ndi masiku 21 oti asaine kapena aibweze ndi zifukwa zake. Komiti yoona za malamulo ndi imodzi mwa makomiti amene malamulo aakulu a dziko amachita kutchula kuti azikhalapo, ndipo m'makomitimu mumakhala aphungu a mbali zonse, a boma, otsutsa ndi oima paokha. Kumeneko, iye anati, anthu amayankhulana ngati anthu, chifukwa kulibe ochemerera.

Akuluakulu mukukumbuka kuti nkhaniyi ndi yakale. Lamulo la malo limene tinakulira ndi la 1965. Ndondomeko yatsopano ya za malo inatuluka mu 2002. Mu 2013 aphungu anavomereza bilu ya malo, koma mafumu ndi mabungwe atadandaula, Pulezidenti Joyce Banda sanasaine. Mu 2016 malamulo atsopano anadutsa, Pulezidenti Peter Mutharika n'kusaina, ndipo la malo a makolo linayamba kugwira ntchito mu 2018. Kalembera wa minda anakayesera kaye ku Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Zonsezi zinkachitika ife tili pompano tikusoka maukonde, ndipo palibe pepala ngakhale limodzi limene gulu lathu linalembapo. Dandaulo tinayamba mpanda utamangidwa kale.

Tsopano za m'kati. Lamulo la 2016 linagawa malo pawiri, a boma ndi a munthu payekha, ndipo ichi n'chimene chinawawa mafumu, chifukwa malo a makolo anaoneka ngati asowa dzina lawolawo. Bilu yatsopano ikufuna kubwezeretsa magulu atatu: malo a boma, malo a makolo, ndi malo a munthu payekha. Mafumu amene analipo anagwedezera mitu mokondwa. Chachiwiri, ikufuna kutsekereza anthu amene si nzika za dziko lino kuti asamangopeza malo mwachisawawa, pokhapokha ngati abwera kudzakhazikitsa bizinesi yovomerezeka ndi boma. Apa holo yonse inaomba m'manja. Ine ndinaomba nawo, koma mofooka. Mipanda imene yatitsekera gombe kunoku, ingati ndi ya azungu? Yambiri ndi ya Amalawi anzathu a ku Area 43 ndi ku Namiwawa, obwera Lachisanu ndi magalimoto aakulu n'kubwerera Lamlungu. Ndime ya anthu akunja siwakhudza amenewo ngakhale pang'ono.

Tsiku lachiwiri ndi limene anatipatsa mpata woyankhula pamaso pa aphungu angapo amene anaitanidwa. Aliyense mphindi zitatu. Ndinanena zimene munandituma. Ndinati amayi athu kale ankatsika molunjika ndi mabeseni kukagula usipa, lero akuzungulira mpanda wa njerwa wokhala ndi waya pamwamba, ulendo wa mphindi zisanu wasanduka wa theka la ola. Ndinati mathandala oyanikapo nsomba tawasuntha kawiri, ndipo alonda amathamangitsa ana amene akusamba pamchenga pamene agogo awo anakwezerapo mabwato. Ankamvetsera ndithu, wina mpaka kupukusa mutu. Nditamaliza, phungu mmodzi wachikulire anandifunsa mwaulemu: bambo, tamva, nanga mukufuna tisinthe ndime iti, ilembedwe bwanji? Ndinangoti kakasi. Ndinayang'ana pepala langa, munali madandaulo okhaokha. Manyazi anandigwira, koma munthuyo sanalakwe kufunsa. Komiti siweruza mlandu wa mpanda wathu. Ntchito yake ndi mawu a m'bilu, ndipo wobwera wopanda mawu oti alowemo amangomumvera chisoni n'kuitana wotsatira.

Amene anatiposa ndi amayi a ku Phalombe. Anabwera ndi tsamba limodzi lotayipa, pamwamba nambala ya ndime, pansi mawu amene akufuna, pansi penipeni zidindo za zala. Mlembi wa aphunguwo anachita kunyamuka kukalitenga yekha.

Pa nthawi ya tiyi ndinamupeza loya uja. Anandiuza kuti malamulo amazindikira kale malo a tonse m'mudzi, monga madambo ndi mabusa a ziweto, amene sayenera kupatsidwa kwa munthu mmodzi. Ndiye pempho lathu likhale lakuti dooko, malo oyanika nsomba ndi njira yotsikira kunyanja zitchulidwe mayina m'gulu lomwelo, ndipo komiti ya malo ya m'mudzi izilembe m'kaundula isanayambe kulembera munthu aliyense munda kapena puloti. Ili ndi ganizo limene ndikulikonda, chifukwa silifuna kulanda aliyense nyumba yake. Mipanda yomangidwa kale ndi nkhani ina, ya ku khonsolo ndi kubwalo, koma madooko amene atsala tingawapulumutse.

Pali nkhani imodzi imene ndinakana kuyankhapo m'dzina lanu, chifukwa sitinaikambirane. Ndi ya dzina lolemba pa satifiketi ya munda. Kuno ambiri, Achewa ndi Ayao omwe, munda umayenda ndi mbumba. Mkamwini amalima, koma akachoka amanyamula khasu ndi bulangeti lake, munda umatsala kwa mkazi ndi ana, woyang'anira ndi malume. Nanga kalembera akafika, alembe ndani? Bambo wina wa ku Kasungu anati alembe mwamuna poti ndiye mutu wa banja, amayi a ku Phalombe anamuwowoza mpaka anakhala pansi. Ena anati alembe mwini mbumba. Pomwepo mayi wina anafunsa kuti malume akaledzera n'kukapinyolitsa satifiketiyo, mbumba ikalira kwa yani. Holo inati zii. Lamulo la 2016 limalola kulembetsa munthu mmodzi, anthu angapo pamodzi, ngakhale banja lonse ngati gulu, ndipo limaletsa kugulitsa malo olembetsedwawo kwa munthu wa kunja kwa banja zaka 5 zoyambirira. Maganizo anga ndekha, osati a gulu, ndi akuti mayina a alongo onse azioneka papepalapo, osati la malume lokha. Ndine malume inenso, ndipo ndikudziwa mmene ndalama ya munthu wa ku tauni imanunkhirira mwezi wa Januwale chimanga chitatha m'nkhokwe. Koma zimenezi mugamule ndinu, makamaka amayi.

Mafumu athu, pepani ndinene izi poyera. Komiti ya malo ya m'mudzi, malinga ndi lamulo la 2016, wapampando wake ndi a gulupu, ndipo mamembala 6 amasankhidwa ndi anthu, osachepera atatu akhale amayi. Bwalo la milandu ya malo la m'dera amatsogolera ndi a T/A. Mafumu ena kumsonkhanoko amafuna makomitiwa achepetsedwe mphamvu, akuti akunyozetsa ufumu. Ine sindinagwirizane nawo. Ufumu timaulemekeza, ndipo popanda mfumu palibe angaloze malire a manda ndi dambwe. Koma malo a m'mbali mwa nyanja amene anapita, anapita usiku, pakati pa anthu awiri kapena atatu, mudzi n'kudzadziwa poona lole ya njerwa. Pakakhala amayi atatu osankhidwa ndi mudzi pa nkhani yotere, nkhaniyo imafika pachitsime kusanache.

Chimene chinandinyansa ndi chilankhulo. Mabilu onse ali m'Chingerezi, ndipo ndi Chingerezi cha maloya, chakuti chotsani mawu awa m'ndime yakuti, ikanipo awa. Popanda lamulo lakale pambali sungatolepo kanthu. Okonza msonkhano anatipatsa chidule cha masamba awiri m'Chichewa, ndabwera nacho, koma chidule chimanena zimene wolemba wasankha. Ndinapempha kuti mabilu okhudza minda ya anthu azimasuliridwa asanapite ku komiti. Analemba. Za chakudya ndi malo ogona sindinenapo, zinali bwino.

Pepala lathu likuyenera kupita kwa mlembi wa Nyumba ya Malamulo, lina kwa phungu wa dera lathu, lina kwa a DC ku boma. A Wapampando, ndikupempha kuti tikumane Loweruka lino m'mawa, mabwato akangokocheza, tisadikire msonkhano wa pamwezi. A Mlembi abwere ndi buku lija tinalembamo madooko ndi njira zimene zinatsekedwa, ndi zaka zake. Aphunzitsi athu opuma aja avomera kutithandiza kuika mawu m'Chingerezi, loya uja anati tikamutumizira pa WhatsApp adzatiikira manambala a ndime osalipira. Amayi a usipa akumane paokha Lachisanu madzulo pa nkhani ya dzina la pa satifiketi, kuti Loweruka adzabwere ndi mawu amodzi. Inki ya zidindo ndagula kale ku Kamuzu Road pobwera, ili kwa mayi msungichuma. Lolemba ndikwera minibasi yoyamba kukasiya pepalalo ndekha, ngati gulu livomereze transipoti ina.