Kalata kwa mwana wanga ku Kunshan, m'dziko la China

Wokondedwa mwana wanga,

Mawu ako ndawamva. Ukuti amuna ako amangoti duu anzawo a kufakitale akamawauza kuti onsewo ndi Atchaina, koma akafika pakhomo n'kumakudandaulira kuti iwo ndi a ku Taiwan. Iwe ukuti ndi mantha. Ine ndikuti usafulumire kuwaweruza.

Ulendo wako ndi wawo ndi wosiyana. Iwe aliyense akakuona amadziwiratu kuti ndiwe mlendo, ndipo palibe amakufunsa kuti uli mbali iti. Akamwiniwo nkhope ndi yofanana ndi ya eni dziko, chilankhulo n'chomwecho, koma akangotsegula pakamwa kalankhulidwe kamawaulula. Zilembo zimene anaphunzira kusukulu ndi zakale zija, pamene kumeneko amalemba zofupikitsa. Pasipoti yawo siigwira ntchito polowa m'dzikomo, amayendera chiphaso chapadera chochokera ku boma la Beijing. Tsiku lililonse amatchedwa m'bale, ndipo tsiku lomwelo amakumbutsidwa kuti ubalewo uli ndi malamulo ake.

Nkhaniyi inayamba kale. Taiwan inalamulidwa ndi Japan kuyambira 1895 mpaka 1945. Mu 1949 Chiang Kai-shek, amene kale ankatsogolera China, atagonja pankhondo yapachiweniweni anathawira pachilumba cha Taiwan ndi asilikali ake, ndipo mabanja anakhala osaonana mpaka 1987. Kuyambira 1996 anthu a ku Taiwan amasankha okha pulezidenti wawo. Amuna ako anakulira m'menemo. Anzawo aja nawonso anaphunzitsidwa kuyambira ali aang'ono kuti Taiwan ndi gawo la China, ndipo ambiri amanena zimenezo ndi mtima woyera, poganiza kuti akuwalandira. Ndiye ukufuna ayankhe chiyani pa chakudya cha masana, bwana ali pomwepo? Akapitanso kwawo, ena amawayang'ana ngati munthu amene anatsata ndalama n'kuiwala kwawo. Zimenezo zimapweteka, mwana wanga.

Ifenso kuno tinalawako. Malawi inali paubale ndi Taiwan kuyambira 1966, ndipo chipatala chachikulu cha Mzuzu anatimangira ndi iwowo. Mu Januwale 2008 boma la Bingu wa Mutharika linalengeza kuti latembenukira ku Beijing, madokotala a ku Taiwan n'kumanga katundu. Odwala sanafunsidwe maganizo. Amuna akonso sanafunsidwe pamene malire amenewa ankaikidwa.

Tsono chonde usamawayankhire pagulu, ngakhale magazi atawira chotani. Za ndale usalembe pa WeChat, tsamba la mchezo la kumeneko. Pakhomo ndiye uziwalola alankhule mpaka mtima uphwe, osawauza kuti akanayenera kunenera konko.

Za sukulu ya mdzukulu wanga, ine ndili mbali ya amuna ako. Poti ku Kunshan komweko kuli sukulu ya ana a anthu a ku Taiwan, imene imaphunzitsa maphunziro a kwawo, muloleni mwanayo apite, ngakhale fizi ikhale yokwererapo. Azitha kuwerenga kalata ya agogo ake a ku Taiwan. Anzake a Chitchaina azisewera nawo ndithu, musamutsekere m'nyumba. Pa chaka chatsopano chawo muzipita naye ku Taiwan, poti kuyambira 2008 ndege zimauluka molunjika. Ndipo Chichewa usamumane, ndikufuna ndizicheza naye ndekha pafoni.

Upereke moni kwa akamwini, uwauze kuti timawapempherera. Bambo ako akupezako bwino, ayambanso kupita kudimba.

Ndine mayi ako.