Universal Credit ikupweteka mabanja amene akugwira ntchito ku Britain

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhule kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani imene ikutisowetsa tulo ambiri mwa ife amene tikulera ana kuno ku England ndi malipiro ochepa. Ndakhala ku Leicester zaka 16. Ndimagwira ntchito ya usiku m'nyumba yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Amuna anga amanyamula katundu m'nyumba yosungira malonda. Tili ndi ana atatu. Tonse awiri timakhoma msonkho, koma lendi ndi magetsi zikadya mbali yake, chotsala sichifika kumapeto kwa mwezi. N'chifukwa chake timalandira thandizo la boma lotchedwa Universal Credit.

Abale kumudzi akamva zimenezi amaganiza kuti kuno boma limangogawa ndalama kwa anthu ongokhala. Ayi ndithu. Mtukula Pakhomo wa kwathu amapita kwa mabanja ovutikitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, pamene kuno pakati pa olandira thandizo pali anthu ambiri amene amadzuka m'bandakucha kupita kuntchito, kungoti malipiro awo ndi operewera.

Lamulo lokhazikitsa Universal Credit linadutsa m'chaka cha 2012, ndipo nduna imene inkalilimbikira, a Iain Duncan Smith, inkalonjeza kuti munthu wogwira ntchito azipindula nthawi zonse kuposa wongokhala. Anaphatikiza mitundu isanu ndi umodzi ya thandizo kukhala umodzi. Zakale zija, monga Working Tax Credit ndi Child Tax Credit zimene ife tinkalandira, anazitsekeratu pa 5 Epulo 2025. Ganizo lake silinali loipa. Vuto langa lili pa mmene anakonzera kawerengedwe kake, ngati kuti amene ankalemba sanalandirepo malipiro a pa ola.

Kalata yotiuza kuti tisamuke inafika m'chaka cha 2024, ndipo inatipatsa miyezi itatu. Tsiku limene tinalembetsa, thandizo lakale linaima pomwepo. Latsopano silibwera mpaka patapita masabata asanu: mwezi wathunthu akuwerenga zimene mwapeza, kenako masiku ena asanu ndi awiri kuti ndalama ilowe kubanki. Masabata asanu kwa banja limene lilibe kalikonse kosunga ndi chaka. Amakuuzani kuti mutha kutenga ndalama yapatsogolo, koma imeneyo ndi ngongole, ndipo amakudulani pang'onopang'ono mpaka miyezi 24. Choncho munthu umalowa m'ndondomeko yatsopano uli kale ndi ngongole imene sunaifune. Ife chinatipulumutsa ndi chipereganyu chimene timachita amayi asanu ndi mmodzi a kutchalitchi. Mnzanga wina anandisiyira mwezi wake kuti ndilandire ine. Mnzanga wa kuntchito, mzungu wobadwira konkuno, analibe gulu lotere. Ndinamuperekeza ku food bank, kumene amagawa zakudya kwa osowa, ali mu yunifomu yake ya ntchito, misozi ili m'maso.

Koma chimene chandichititsa kulemba kalatayi ndi nkhani ya masabata anayi. Kuntchito kwathu, monga m'nyumba zambiri zosamalira okalamba ndi m'masitolo akuluakulu, satilipira pamwezi. Amatilipira masabata anayi alionse. Ndiye kuti pachaka timalandira ka 13, pamene Universal Credit imagawa chaka m'miyezi 12. Kamodzi pachaka malipiro awiri amagwera m'mwezi umodzi wa kawerengedwe kawo, ndipo kompyuta imaona ngati mwezi umenewo ndalemera kawiri.

Sindidzaiwala m'mawa umene ndinazindikira zimenezi. Ndinali m'basi, ndikuchokera kuntchito ya usiku, mapazi atatupa. Ndinatsegula foni kuti ndione ndalama imene ibwere, ndipo ndinapeza kuti yatsika pafupifupi yonse. Ndinawerenga kawiri, katatu, mpaka ndinapitirira siteji yotsikira. Sindinagwire ola limodzi lowonjezera. Malipiro anga pa sabata anali omwe aja. Koma eninyumba amafuna lendi yawo pa 1, yathunthu, ndipo samva za kalendala ya boma. Ndikudziwa kuti wina anena kuti mukawerenga chaka chonse ndalama zake zimafanana. Zimenezo amanena ndi munthu amene ali ndi kena kake kubanki. Kwa ife, malipiro achiwiri aja amakhala kuti ndi a chakudya, basi ndi gasi wa masabata anayi akubwerawo. Si ndalama yapadera yoti tikanaisunga.

Boma likulidziwa vutoli. Mu Juni 2020 khoti la apilo linaweruza mokomera amayi anayi olera okha ana, amene malipiro awo a pamwezi ankawerengedwa kawiri tsiku lolandira likagwera kumapeto kwa sabata kapena pa holide. Khoti linati kusakonza zimenezo n'kopanda nzeru, ndipo malamulo anasinthidwa chaka chomwecho. Koma anakonzera olandira pamwezi okha. Ife a masabata anayi, amene ambiri ndife olandira malipiro otsikitsitsa, anatisiya pomwepo.

Nanga lonjezo lija loti ntchito izipindulitsa? Tiyeni tiwerengere limodzi. Abwana akandipempha kuti ndigwire masiku owonjezera n'kupeza £100, msonkho umatenga £20, National Insurance (ndalama ina imene boma limadula pa malipiro) imatenga £8, ndipo ndimatsala ndi £72. Pa paundi iliyonse ya ndalama yotsalayo Universal Credit imachotsa 55p (mapeni 55 mwa 100 a m'paundi), kutanthauza £39.60. M'thumba mwanga mumalowa £32.40. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anali £12.21 pa ola kuyambira Epulo 2025, ndiye £100 imeneyo ndi maola asanu ndi atatu a usiku wonse ndikunyamula anthu akuluakulu. Ndivomereze kuti kale zinali zoipa kuposa apa: ankachotsa 63p mpaka a Rishi Sunak, nduna ya zachuma ya nthawi imeneyo, anatsitsa kumapeto kwa 2021. Koma anatsitsa patangopita masabata ochepa atachotsa £20 ya pa sabata imene anawonjezera nthawi ya Covid. Dzanja lina linapereka, lina litalanda kale.

Za olera ana nazo n'chimodzimodzi. Boma limabweza mpaka 85 peresenti ya ndalama imene mwalipira kosiyako mwana, koma kawirikawiri muyambe mwalipira nokha, kenako mutumize risiti n'kudikira. Mayi amene akuwerenga makobidi a basi aitenga kuti ndalama ya mwezi wathunthu?

Mwana wathu wachitatu anabadwa mu 2018. Lamulo limene a George Osborne, ali nduna ya zachuma, analengeza mu 2015 linkati mwana wachitatu wobadwa kuyambira pa 6 Epulo 2017 asawerengedwe pa thandizo la ana. Akulu ake awiri boma linkawaona, iye ayi, ngakhale amadya m'mbale imodzi. Ndalama yake inali pafupifupi £3,500 pachaka. Ankati cholinga n'choti olandira thandizo aziganiza kaye asanabereke monga amachitira ogwira ntchito, chonsecho ambiri mwa mabanja amene lamuloli linawakhudza anali ndi kholo logwira ntchito. Ndinasangalala kuchokera pansi pa mtima pamene nduna ya zachuma, a Rachel Reeves, analengeza mu Novembala 2025 kuti lamuloli lichotsedwa kuyambira Epulo 2026. Komabe zaka zimene mwana wanga wavala nsapato zosiyidwa ndi akulu ake sizibwerera, ndipo sindikufuna kuti kuchotsa lamulo limodzili kutitseke pakamwa pa zina zatsalazi.

Mawu ena ndikupereka kwa abale athu amene abwera posachedwa pa viza yosamalira odwala ndi okalamba. Pa chiphaso chanu panalembedwa kuti simuloledwa kulandira thandizo la boma. Musalembetse Universal Credit chifukwa choti wina wakuuzani pa WhatsApp, mungaike chilolezo chanu chokhala kuno pangozi. Zimandiwawa kuti mumagwira ntchito yomweyi ndi ine, mumakhoma msonkho womwewu, koma mwana akadwala kapena maola akachepa mulibe kolowera. Amene muli ndi chilolezo chokhazikika ndipo simukumvetsa makalata amene mukulandira, pitani ku bungwe lopereka uphungu la Citizens Advice, amathandiza kwaulere.

Pempho langa kwa aphungu a nyumba ya malamulo ya ku Westminster, makamaka a madera amene tikukhala ambiri monga Leicester, Manchester ndi Nottingham, ndi lakuti ndalama ya masabata asanu oyamba aja ikhale thandizo, osati ngongole, ndipo malipiro a masabata anayi aziwerengedwa monga mmene timalandirira. Ngati anatha kukonzera olandira pamwezi mu 2020, kompyuta yomweyo ingathe kutikonzera ifenso. Ine ndalembera kale phungu wa dera lathu, ndipo ndaika m'kalatamo mapepala a malipiro anga onse 13 a chaka chatha.

Ine wanu,
Mayi wosamalira okalamba,
Leicester