Nyimbo za maliro a anthu a Lakota si zoseketsa pa wailesi

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule za mnyamata amene akuyendetsa pulogalamu ya country Lamulungu madzulo pa wailesi ija, omvera anzanga akuidziwa. Anaika nyimbo yotchedwa Big Foot ya mu chimbale cha woimba wa ku America Marty Stuart chotchedwa Badlands, cha 2005, ndiye nyimbo ili mkati iyeyo n'kuyamba kukuwa uwuwuwu akumenya pakamwa ngati za m'mafilimu a makauboyi, n'kumaseka ati ma Red Indian afika, kenako moni kwa azilamu ake mpaka nyimbo kutha. Zinandinyansa zedi.

Achimwene, munamvako mawu a nyimboyo olo mzere umodzi? Anailemba ndi Johnny Cash, ndipo ikukamba za pa 29 Disembala 1890 ku Wounded Knee, ku South Dakota, pomwe asilikali a boma la America anawombera anthu a mtundu wa Lakota, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a dzikolo, oposa 200, amayi ndi ana omwe, mitembo n'kuumira m'chisanu, mfumu yawo Big Foot inaphedwa ikudwala chibayo. Mukuseka maliro inu! Wina ataseka chonchi nyimbo yolira anthu athu amene anaphedwa ku Nkhata Bay pa 3 Marichi 1959 mungamusiye?

Komanso anthuwa sanathe ayi, alipo ku Pine Ridge, dera lawo la ku South Dakota komweko, ndipo woimba country Buddy Red Bow anali mwana wa komweko. Mapiri awo a Black Hills boma linawasainira mu pangano la 1868, golide atapezeka linalanda. Khoti lalikulu la dzikolo mu 1980 linagamula kuti alipidwe ndalama zoposa madola 100 miliyoni koma mpaka lero akuzikana, akufuna malo awo. Nkhani ya malo ngati imeneyi Mmalawi angalephere kuimva?

Vuto ndi loti owulutsa ambiri masiku ano akungodawunilodi nyimbo n'kuthira, kufufuza ziii, pakamwa pokha osatseka. Akuyesa country ndi Don Williams ndi zachikondi basi. Ife timagula mabatire kuti timve nyimbo, osati maina a azibale anu.

Akuluakulu a wailesiyo, mwanayu apepese Lamulungu likubwerali, aikenso nyimboyo yonse iye ali chete, ndipo aziyamba wawerenga kaye asanatsegule maikolofoni. Foni ya intaneti ali nayo.

Wokonda country,
Zomba