Kalata kwa Nduna yoona za asilikali opuma ku UK: nanga akazi awo ndi ana?

Olemekezeka a Nduna,

Ine ndine Mmalawi, ndimagwira ntchito ya care (yosamalira odwala ndi okalamba) konkuno, ndipo ndalemba m'Chichewa dala kuti makolo kwathu amene ana awo akulowa usilikali wa kuno awerengeko nawo.

Corie Mapp mukumudziwa. Kwawo ndi ku Barbados, analowa usilikali wanu mu 2005 ku Life Guards, mbali ya Household Cavalry, aja alendo amalimbirana kuwajambula ku London ali pa mahatchi zisoti zili waliwali. Koma ku Afghanistan sanapite ndi hatchi ayi, anali m'galimoto lankhondo, ndiye mu 2010 ku Helmand galimotolo linaponda bomba lokwirira pansi, miyendo yonse iwiri kuthera pomwepo. Munthuyu sanafooke, anayamba para bobsleigh, zotsetsereka pa ayisi zija, mpaka kuwina World Cup mu 2018.

Mbali imeneyi aliyense amaikonda, mamendulo, zithunzi, m'manja phwaphwaphwa. Koma ine ndasamalirapo anthu odulidwa mwendo ndiye ndikuuzeni zomwe kamera siona. M'mawa uliwonse uyambe wayang'ana podulidwapo ngati pafiira kapena patuluka chilonda, chifukwa kukatentha thukuta limadzadza mkati mwa mwendo woikirira uja n'kumakhula khungu, kachilonda kangati kambewu ka nyemba basi munthu wabwerera pa wilitcheya mpaka kapole. Usiku 2 koloko akubuula kuti chala chakuphazi chikuwawa, chonsecho phazilo kulibe, linatsala kunkhondo. Amene amadzuka nthawi imeneyo si boma ayi, ndi mkazi wake, mawa lakenso yemweyo alawirire ku shifiti.

Apa ndi pomwe pagona nkhani yanga. Mu 2022 boma linachotsa fizi ya chilolezo chokhaliratu mdziko muno kwa asilikali akunja amene atumikira zaka 6, kapena amene atulutsidwa chifukwa chovulala pantchito. Tinathokoza, zoona. Koma akazi ndi ana munawasiya panja, ndipo nthawi imeneyo fiziyo inali £2,389 mutu umodzi, tangowerengerani mkazi ndi ana atatu, ndi ndalama zoposa £9,500 pakhomo poti bambo sakuthanso kuima tsiku lonse. Azitenga kuti, akatapila?

Pa kampeni ya 2024 chipani cha Labour chinalemba mu manifesito kuti chidzachotsa fizi imeneyi kwa otumikira zaka 4 kapena kuposa pamodzi ndi mabanja awo. Lonjezo ndi ngongole bwana. Anyamata ochokera ku Fiji, Ghana, ku Caribbean, ngakhale kwathu ku Malawi komwe agogo athu anamenyera kale nkhondo zanu m'gulu la asilikali la King's African Rifles (KAR), bomba silinawafunse pasipoti.

Chomwe ndikupempha n'chochepa, mkazi amene amatsuka chilonda chija asamalipitsidwe kuti akhale m'nyumba imodzi ndi mwamuna wake.

Ine wanu,
Mmalawi wa ntchito ya care