Mbewa zisatiotchetse tchire chaka chino

Akonzi,

Ndine wa ku Phalombe, koma kwa zaka 9 tsopano ndili kuno ku Johannesburg, komwe ndimatchetcha kapinga ndi kusamalira maluwa m'makomo mwa anthu.

Kuno mvula ikasiya mu Epulo, chisanu chimaumitsa udzu wonse, kenako mu Ogasiti kumabwera chimphepo. Tsiku lina madzulo titangoweruka, moto unabuka m'tchire la kuseri kwa tinyumba tamalata tomwe timakhala. Tisanadziwe n'komwe, unali utadumpha msewu. Pampopi panalibe ndi dontho lomwe, ndiye tinkangouthira mchenga ndi kuupuntha ndi nthambi. Mayi wina wa ku Mangochi anatuluka ndi mwana kumbuyo ndi pasipoti m'manja basi. Mabulangete ndi mapoto omwe anasonkhanitsa chaka chonse kuti atumize kumudzi pa basi anasanduka phulusa iye akuona.

Usiku umenewo tulo sindinatione, mtima unali kumudzi. Kwathu moto wotere timauyatsa dala, ati kuti mauna a mbewa aoneke. Inenso ndili mnyamata ndinayatsako, ndipo lero zimandipweteka. Phiri likapsa limatsala lambee, ndipo mvula yamphamvu ikagwa madzi sapeza chowagwira, amatsetsereka ndi dothi ndi miyala yomwe. Tinaziona mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anakokolola midzi ku Phalombe, ku Mulanje ndi ku Chilobwe, n'kupha anthu oposa 1,000. Misozi isanaume, ng'amba ya El Niño inapsereza chimanga mu 2024, mpaka a Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi. Ndalama zomwe ndinkasungira malata a nyumba yanga zinathera kugulira amayi chimanga.

Nyengo yasintha, ndipo mvula sitingailamule. Koma machesi ali m'thumba mwathu. Ndikupempha mafumu athu, makamaka a m'mphepete mwa phiri la Mulanje ndi la Michesi, kuti aitanitse anthu awo alambule mizere yotchinga moto dzuwa la Okutobala lisanafike, ndipo wogwidwa akutentha tchire alipe pabwalo anthu akuona. Wofuna mbewa atenge khasu akakumbe, kapena atchere diwa monga ankachitira agogo athu.

Mng'ono wanga ndamuimbira kale foni kuti mapesi a m'munda mwa amayi asawatenthe, awakwirire m'mizere.

Mwana wa ku Phalombe,
Johannesburg