Kalata kwa Mkulu wa Apolisi a Pamsewu: Kodi Mpaka Munthu Avulale?

Bwana,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Ine ndine mmodzi mwa anthu aja mumawaona m'mphepete mwa msewu m'mawa, chikwama kumsana, akupalasa njinga kuti akafike kuntchito nthawi isanakwane. Ndakhala ndikuyenda chonchi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo sindinalemberepo kalata mkulu aliyense wa boma. Lero ndalemba chifukwa cha zomwe zinandionekera Lachiwiri lapitali, makamaka chifukwa cha mawu omwe ndinauzidwa nditapita kukadandaula.

Panjira yanga pali mlatho waung'ono pomwe msewu umapanikizika. Phula la m'mphepete linadyeka kalekale, moti wanjinga alibe kothawira: ukangosiya phula, tayala limagwera mumchenga, kuseri kwake kuli ngalande ya simenti. Mlathowo ndimaudutsa m'masekondi khumi okha. Tsikulo ndikungolowa pamlathopo, kumbuyo kwanga kunalira hutala. Sinali ija ya kamodzi yongokudziwitsa kuti mnzako akubwera, inali yokanikiza osachotsapo dzanja. Ndinagwiritsitsa chiwongolero n'kupitiriza kupalasa, poti panalibenso china choti n'kuchita. Dalaivalayo masekondi khumi anamukulira. Anaponda mafuta n'kudzipanikiza pakati pa ine ndi galimoto ina yomwe inkachokera kutsogolo. Galasi lake la m'mbali linakhudza malaya anga pachigongono. Mphepo ya galimotoyo inandikankha, tayala lakutsogolo linatsetsereka, njinga inayamba kudzandira, ndipo chinali chisomo chabe kuti ndinatha kuiwongola. Atandipitirira anatsitsa zenera n'kukuwa kuti, "Choka mumsewu iwe! Watopa nawo moyo?"

Nditafika pamaloboti, chapatsogolo pang'ono, ndinamupeza ataima pamzere, akudina foni yake. Changu chonsecho sichinamupindulire ngakhale mphindi imodzi. Ine miyendo inali ikunjenjemera moti ndinalephera kuponda bwino pansi. Nambala ya galimotoyo ndinailemba pachikhatho.

Masana ndinapempha chilolezo kuntchito n'kupita kupolisi. Wapolisi yemwe ndinamupeza sanandinyoze, anandilandira mwaulemu n'kundimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anandifunsa kuti, "Mwavulala, bambo?" Ndinati ayi. "Nanga njinga yawonongeka?" Ndinati ayi. Anatseka buku lake n'kunena kuti, "Ndiye ingothokozani Mulungu. Popanda ngozi, tilembapo chiyani?" Mnyamatayo sindikumuimba mlandu. Anandiyankha molingana ndi mmene anaphunzitsidwira, kuti ntchito yake imayamba munthu akagona pansi. Koma yankho limeneli ndi lomwe landichititsa kulemba kalatayi, chifukwa tanthauzo lake n'lakuti dalaivala uja angathe kuchitanso zomwezi mawa ndi mkuja, kwa ine, kwa mwana wasukulu, kwa mayi wobereka mwana, ndipo dzina lake lidzalowa m'buku mwanu tsiku lokhalo lomwe galasi lija lidzasunthire masentimita asanu okha.

Ndikudziwa malangizo omwe anthu a njinga timapatsidwa, ndipo ndimawatsata ndi mtima wonse. Ndimavala chovala chonyezimira ndi chipewa choteteza mutu. Njinga yanga ili ndi nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo, mabuleki ndimawaona sabata iliyonse. Ndimatambasula dzanja ndisanakhote, ndimacheuka, ndimayesetsa kuti maso anga akumane ndi a dalaivala pamphambano. Sindilowa m'mbali mwa lole yomwe ikufuna kukhota, chifukwa pali malo ena pomwe woyendetsa sangandione ngakhale atayang'ana magalasi ake onse, ndipo matayala akumbuyo amadulira pafupi kuposa akutsogolo. Ndimatalikira magalimoto oimikidwa kuopa chitseko chotsegulidwa mwadzidzidzi. Pa madalaivala aukali ndinaphunzira phunziro lowawa: osabwezera. Kale ndinkakuwa nanenso, nthawi ina mpaka ndinamenya khofi pabodi la galimoto. Dalaivalayo anaima, anatuluka, ndipo tsiku lomwelo ndinazindikira kuti munthu wokwiya amene ali ndi chitsulo cholemera tani imodzi ndi theka sulimbana naye uli pa chitsulo cha makilogalamu 15. Masiku ano ndimatseka pakamwa, ndimamulola adutse, ndikaona kuti akundilondola ndimaima pomwe pali anthu ambiri, n'kusunga nambala yake.

Zonsezi zandisunga ndi moyo, koma palibe ngakhale chimodzi chomwe chimasintha dalaivala. Lachiwiri lija ndinali nditavala chonyezimira, kunja kukuwala. Munthuyo anandiona bwinobwino. Vuto silinali maso ake. Anaganiza mumtima mwake kuti ine ndilibe malo pamsewupo, ndipo galimoto yake anaisandutsa chikwapu chondilangira. Chovala chonyezimira chimathandiza kwa dalaivala amene sanakuone. Kwa amene wakuona n'kukupanikiza dala, chomwe chingamubweze ndi kudziwa kuti pali wina amene adzamufunse.

Maganizo oti msewu ndi wa magalimoto okha afala kwambiri, ndipo ndi olakwika. Pangano la mayiko la malamulo a pamsewu lomwe linasainidwa ku Vienna mu 1968 limawerengera njinga ngati choyendera cha pamsewu, ndipo wopalasa limamutchula kuti ndi woyendetsa, chimodzimodzi wa galimoto. Tili ndi udindo, tilinso ndi malo athu. Pamalo opanikizika ngati mlatho uja, wanjinga akasunthira chapakati sikuti akuchita matama. Akuuza wam'mbuyo kuti pano anthu awiri sangakwane, dikirani pang'ono. Akakanirira m'mphepete, ndiye kuti akuitana dalaivala kuti ayese mpata womwe kulibe. Madalaivala ambiri sanauzidwepo zimenezi, n'chifukwa chake amaona ngati mwano.

Bwana, chiwerengero mukuchidziwa kuposa ine. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamisewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto, anthu omwe alibe chitsulo chowatchinga. Kwa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ngozi za pamsewu ndi zomwe zimapha kwambiri kuposa china chilichonse. Mayiko a m'bungwe la United Nations anagwirizana zochepetsa imfa zimenezi ndi theka pofika 2030. Imfa iliyonse mwa zimenezi isanachitike, pamakhala nthawi zambirimbiri zomwe galimoto inangotsala pang'ono kugunda munthu. Ngati zimenezo sizilembedwa paliponse, mudzadziwa bwanji kuti mlatho wakutiwakuti ndi msampha, kapena kuti nambala yakutiyakuti yadandaulidwa kasanu?

Pempho langa loyamba ndi la muyeso. Mawu oti "siyani mpata wokwanira" dalaivala aliyense amawamasulira mmene akufunira, ndipo amene anandikhudza malaya uja akhoza kulumbira kuti mpata unali wokwanira, poti sindinagwe. Mayiko ena anaika nambala. Ku France lamulo limati mita imodzi m'tauni ndi mita imodzi ndi theka kunja kwa tauni. Ku Spain ndi mita imodzi ndi theka. Ku Britain, kuyambira Januwale 2022, buku la malamulo a pamsewu limati mita imodzi ndi theka paliwiro lofika pafupifupi makilomita 48 paola, ndi mpata woposa apo liwiro likakwera. Bukulo linawonjezeranso mfundo yomwe ine ndimaiona kuti ndi yachilungamo: amene angathe kuvulaza kwambiri ndi amene ali ndi udindo waukulu wosamala, wa lole kuposa wa galimoto yaing'ono, wa galimoto kuposa wanjinga, wanjinga kuposa woyenda pansi. Mita imodzi ndi theka si mpata wodyerera. Wanjinga amafunika pozembera dzenje, botolo losweka kapena galu, ndipo mphepo ya basi yothamanga imayamba yakukankha kenako n'kukukoka. Ndikudziwa kuti malamulo simupanga nokha, koma mawu anu amamveka komwe anga sangafike.

Chachiwiri ndi chomwe ndikufuna kukhalitsapo, chifukwa mungathe kuchiyamba sabata ya mawa ndi zomwe muli nazo kale. Mu 2016 apolisi a chigawo cha West Midlands ku England, komwe kuli mzinda wa Birmingham, anayamba kutumiza wapolisi wovala zovala wamba kuti azipalasa njinga m'misewu yodzaza. Galimoto ikamudutsa pafupi kwambiri, ankadziwitsa anzake omwe anali patsogolo, iwo n'kuiimitsa. Dalaivalayo ankamutengera pambali pomwe anayala chinsalu chojambulidwa msewu, chosonyeza pomwe pamakhala njinga ndi pomwe galimoto iyenera kudutsa, n'kumuphunzitsa kwa mphindi zochepa. Wokana kuphunzira, kapena woyendetsa moopsa kwenikweni, ndi amene ankatengeredwa kukhoti. Apolisi a m'madera ena ambiri m'dzikomo anatengera njirayi. Mphamvu yake siili pa kuchuluka kwa anthu ogwidwa. Ili pakuti mbiri ikangomveka, dalaivala aliyense akaona wanjinga patsogolo pake amayamba kudzifunsa ngati ameneyo si wapolisi. Pakufunika njinga imodzi, wailesi yolumikizirana kapena foni, ndi apolisi atatu. Palinso phindu lina lomwe ndikulilakalaka: wapolisi amene wamvapo yekha galasi la galimoto likudutsa pachigongono chake sadzatsekanso buku munthu akabwera kudzadandaula.

N'chimodzimodzi ndi madalaivala. M'mizinda ina ya ku Mexico ndi ku Brazil, oyendetsa mabasi akamaphunzitsidwa amawakhazika panjinga yomangirira pansi, basi n'kuwadutsa pafupi. Phunziro lotere munthu amalimva m'thupi, saliiwala. Ndikanakonda aliyense wofuna laisensi, makamaka ya basi ndi lole, atadutsamo.

Pa liwiro sinditalikitsa. Galimoto yoyenda makilomita 50 paola imadutsa mamita pafupifupi 14 pasekondi imodzi, pomwe ya makilomita 30 imadutsa mamita 8. Sekondi imeneyo ndi nthawi yomwe dalaivala amatenga asanaponde n'komwe buleki. N'chifukwa chake msonkhano wa nduna za mayiko womwe unachitikira ku Stockholm mu Febuluwale 2020 unalimbikitsa makilomita 30 paola m'malo momwe magalimoto amasakanikirana ndi anthu oyenda pansi ndi apanjinga. Dalaivala waukali akakhala paliwiro lochepa amangondiopseza, akakhala paliwiro lalikulu angathe kundipha.

Sindikubisa kuti nafenso tili ndi zolakwa zathu. Alipo apanjinga oyenda usiku opanda nyali, odutsa loboti itafiira, oyenda moyang'anizana ndi magalimoto, othamangitsa oyenda pansi m'njira zawo. Amenewa agwireni, ndipo ine sindidzawaikira kumbuyo. Ndikudziwanso kuti madalaivala ena amathamanga chifukwa malipiro awo amadalira maulendo omwe ayenda patsiku, ndipo abwana awo nawonso ayenera kufunsidwa. Madalaivala abwino ndi ambiri kuposa oipa. Pali bambo wina woyendetsa lole ya mchenga yemwe timakumana pafupifupi tsiku lililonse. Akandipeza pamlatho uja amachepetsa liwiro n'kumanditsatira pang'onopang'ono, lole yake yayikuluyo n'kukhala ngati chishango changa, ndipo tikadutsa amandipitirira patali atakweza dzanja. Dzina lake sindinamufunsepo, koma ndimamupempherera. Iyeyo ndi umboni wakuti zomwe ndikupemphazi n'zotheka, pamsewu womwewo, pamlatho womwewo.

Koma kulakwa kwa wanjinga wina dzulo si chifukwa chondipanikizira ine lero. Palibe amene amagunda dala galimoto yofiira chifukwa choti galimoto ina yofiira inamudula njira.

Ku Netherlands, komwe lero anthu amakutchula ngati kwawo kwa njinga, zinthu sizinali choncho kale. Mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa pamisewu ya dzikolo, ndipo oposa 400 anali ana. Makolo anatuluka m'misewu ndi mfuu yakuti "Lekani kupha ana," ndipo pang'ono ndi pang'ono boma linayamba kumanga njira za njinga zopatukana ndi magalimoto ndi kuchepetsa liwiro m'malo okhala anthu. Njira zoterezi ndi zomwe zimathetsa mkangano weniweni, ndipo ndikupemphani kuti muzizitchula mukakhala pamodzi ndi omanga misewu. Koma zimenezo zimatenga zaka, pomwe ine ndiyenera kudutsa pamlatho uja mawa m'mawa.

Chomwe mungachite lero ndi kulamula kuti munthu akabwera ndi dandaulo loti galimoto yamupanikiza, yamuthamangitsa kapena yamuopseza, dandaulolo lilembedwe ngakhale alibe bala: tsiku, nthawi, malo ndi nambala. Akabwera ndi kanema wa pafoni kapena wa kamera ya panjinga, mumulandire. Mwini galimotoyo aimbiridwe foni kapena alembedwe kalata, adziwe kuti zomwe anachita zinaoneka. Nambala ikabweranso kachiwiri ndi kachitatu, aitanidwe.

Mwana wanga wamkazi akuyamba sekondale chaka chamawa, ndipo wakhala akundipempha kuti azipita panjinga ngati ine. Amapalasa bwino, amadziwa kutambasula dzanja ndi kucheuka, ndinamuphunzitsa ndekha. Sindinamuyankhebe. Nambala ya galimoto ija ndinaikopera m'kabuku kanga pamodzi ndi tsiku ndi nthawi yake, ndipo mukandiuza khomo loyenera kugogoda, ndibwera nayo.

Ine wanu,
Wopalasa njinga kupita kuntchito tsiku ndi tsiku