Mbewu Sagoneka M'nkhokwe Limodzi ndi Chakudya

Limbe, Blantyre

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Durban kumeneko. Kuno tili bwino, kungoti dzuwa likuswa mtengo, mvula ikungochita mabingu koma osagwa. Mayi ndinawaona Lamulungu lapitali potuluka m'tchalitchi, ali ndi mphamvu ndithu ndipo akupereka moni.

Uthenga wanu wa pa WhatsApp uja ndinaumvetsera kawiri. Munati tileke kuvutika ndi maseva a mu ofesi, makompyuta aakulu osungira mafayilo a kampani aja, tisamutsire zonse ku cloud, kutanthauza makompyuta a makampani ena omwe timawafikira pa intaneti, tizigona tulo tabwino. Ndinafuna kuyankha pompo, koma ndinaona kuti nkhaniyi ndi yoti munthu akhale pansi, n'chifukwa chake ndalemba kalata.

Sindikutsutsa kuti cloud inayandikira. Kale mafayilo athu ankakagona ku Ulaya. Microsoft inatsegula nyumba zake zosungiramo deta ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon Web Services inatsatira ku Cape Town mu 2020, ndipo Google inafika ku Johannesburg kumayambiriro kwa 2024. Ifenso imelo ndi makalata ambiri a kampani tinasamutsa kale, ndipo sindinong'oneza bondo. Magetsi akazima usiku sindidzukanso kuthamangira jenereta poopa kuti seva ya imelo yafa. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake ndawaponda ndi mapazi angawa.

Cloud imene timainenayi ndi makompyuta a eni, ali m'nyumba ya eni, ndipo pakati pa iwo ndi ife pali chingwe. Inu zingwe zimatulukira m'nyanja pafupi ndi kwanu komweko, ku Mtunzini. Ife dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere, choncho intaneti yathu imayenda ulendo wapamtunda kudzera ku Mozambique, Tanzania kapena Zambia isanakafike kunyanja. Mukukumbukira pa 12 Meyi 2024, pamene zingwe za EASSy ndi SEACOM zinaduka cha kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal? Nthawi imeneyo n'kuti zingwe zina zitaduka kale ku Red Sea mu Febuluwale, moti njira zonse ziwiri zinali pamavuto. Tanzania, Malawi, Mozambique, Kenya, Uganda ndi Rwanda, onse anaimva. Kampani yomwe inaika kaundula wa katundu ndi malisiti ku cloud kokha, tsiku ngati limenelo imangokhala manja lende, ogula ali pamzere. Ife tsopano tili ndi njira ziwiri, ya faiba ndi ya setilaiti, popeza Starlink inayamba kugwira ntchito kuno mu 2023, ndipo rauta, kachipangizo kotilumikiza ku intaneti, imasintha yokha imodzi ikagwa. Chimene ndinaphunzira n'chakuti kulembetsa kwa makampani awiri sikutanthauza kuti muli ndi njira ziwiri. Nthawi zina zingwe zawo zimagona mu ngalande imodzi, khasu limodzi n'kudula zonse. Masiku ano ndisanasayine pangano ndimafunsa kaye kuti chingwe chawo chimadutsa kuti.

Palinso nkhani ya ndalama. Cloud timalipira m'madola mwezi ndi mwezi. Mu Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, dola inachoka pa K1,180 n'kufika pa K1,700, ndipo bilu yathu inakwera usiku umodzi popanda kuwonjezera ngakhale fayilo imodzi. Kupezanso madolawo ndi ntchito ina payokha.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi si chingwe kapena dola. Ndi zimene zinatigwera chaka chatha, zomwe sindinakuuzeni bwinobwino. Tsiku lina Lachisanu mnzathu wa ku ofesi yowerengera ndalama analandira imelo yooneka ngati yachokera kwa amene timagulako katundu. Dzina linali lomwelo, chizindikiro chomwecho, nkhani yake ya invoice, chikalata chofunsa malipiro, yomwe tinali kuiyembekezeradi. Anatsegula. Sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, chifukwa imeloyo nditaiona pambuyo pake ndinadziwa kuti aliyense wa ife akanatsegula. Palibe chinaoneka tsiku limenelo. Akubawo anadikira kuti tiweruke, n'kugwira ntchito yawo Loweruka ndi Lamulungu muofesi mulibe munthu. Lolemba m'mawa fayilo iliyonse inali yokiyidwa, ndipo pa kompyuta iliyonse panali kakalata kofuna dipo m'ndalama za pa intaneti. Ndiyo ransomware imeneyo.

Poyamba mtima unali m'malo, poti tinali ndi backup. Usiku uliwonse seva inkakopera zonse ku diski ina. Nditapita kukaiona, thupi lonse linazizira. Diskiyo inali yolumikizidwa ku netiweki yomweyo, ndi pasiwedi yomweyo ya woyang'anira, ndipo nayonso inali itakiyidwa. Foda imene inkadzikopera yokha ku cloud inachita ntchito yake mokhulupirika: inatenga mafayilo okiyidwawo n'kukawaika m'malo mwa abwino aja. Ena tinawabweza chifukwa kumeneko amasunga makope akale kwa masiku angapo, koma kaundula wamkulu wa ndalama sankapita kumeneko. Chinatipulumutsa ndi diski yakale yomwe ndinaitsekera mu sefa ya bwana masabata atatu m'mbuyomo, yosalumikizidwa ku chilichonse. Dipo sitinalipire. Ntchito ya masabata atatuwo tinailowetsanso pamanja kuchokera m'mabuku a malisiti, anthu anayi, mpaka usiku, kwa masiku asanu ndi anayi.

Masiku amenewo ndinkangokumbukira agogo kumudzi. Chimanga chodya chinkakhala m'nkhokwe, koma cha mbewu ankachimangirira kudenga la khitchini, pamwamba pa moto, kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Nkhokwe ikapsa kapena akuba akaboola, banja linkalira njala ya chaka chimodzi, koma mvula ikagwa linkadzala. Ife tinaika mbewu m'nkhokwe momwemo.

Musaganize kuti izi zimagwera timakampani tating'ono tokha. Kwanu komweko mu Julayi 2021 Transnet, kampani ya boma yoyendetsa madoko ndi njanji, inagwidwa ndi akuba oterewa, makontena n'kuima padoko la Durban, ndipo mukudziwa kuti katundu wina wobwera kuno amadutsa pomwepo. Kuno mu Febuluwale 2024 Pulezidenti Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti alowedwa ndi akuba a pa intaneti ofuna dipo, ndipo anati boma silipereka. Anthu anakhala masabata angapo osalandira mapasipoti, ena ali ndi maulendo a kuchipatala ndi a sukulu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndipo nthawi zina wakuba sakhalapo n'komwe. Pa 19 Julayi 2024 kampani yoteteza makompyuta ya CrowdStrike inatumiza update yolakwika, kutanthauza zosintha za pulogalamu yake zopita ku makompyuta a makasitomala, ndipo malinga ndi Microsoft makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni anakanika kuyaka. Mabanki, zipatala ndi mabwalo a ndege anaima. Delta Air Lines yokha inalepheretsa maulendo pafupifupi 7,000. Chinandikhudza kwambiri n'chakuti makompyuta ambiri sakanakonzedwa munthu ali kutali. Pankafunika wina apite pa kompyuta iliyonse, aiyatse mwapadera, afufute kafayilo kamodzi. Mlonda yemwe anamupatsa makiyi a nyumba yonse ndi amene anatseka eni ake panja. Kuyambira pamenepo update iliyonse ndimaiyesa kaye pa makompyuta atatu, enawo amalandira mawa lake.

Zina zomwe tasintha n'zosavuta kuzifotokoza. Netiweki tinaigawa zipindazipinda, kuti kompyuta ya polandirira alendo isamaone seva ya ndalama, ndipo Wi-Fi ya alendo ili payokha. Pasiwedi yokha siitsegulanso imelo, pamafunikanso nambala ya pa foni. Poyamba anzanga ankadandaula kuti ndikuwachedwetsa, pano anazolowera. Lamulo latsopano loteteza deta la 2024, lomwe MACRA, bungwe loona za mauthenga ndi mafoni, ikuyang'anira, latipatsanso chifukwa china chodziwira bwino kuti mayina ndi manambala a makasitomala athu akugona dziko liti.

Koma chachikulu ndi ichi. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse ndimapita ku ofesi m'mawa, ndimatenga kompyuta yopanda kanthu, n'kuyesa kubwezeretsa kaundula yense kuchokera ku backup, ngati kuti ofesi yapsa usiku. Ndimalemba nthawi imene zatenga. Ulendo woyamba zinakanika, chifukwa kiyi yachinsinsi yotsegulira backup inali itasungidwa mu seva yomwe ndinkayerekeza kuti yapsayo. Tinakonza. Mwezi wathawu zinatenga maola anayi ndi theka. Kope limodzi lili mu ofesi, lina ku cloud lotsekedwa moti ngakhale ine sindingalifufute masiku ake asanakwane, lachitatu lili pa diski imene imagona kunja kwa ofesi. Choncho cloud ndaivomera, achimwene, koma ngati imodzi mwa nkhokwe zitatu.

Ndikupempheni mukafunse anzanu a IT kuntchito kwanuko kuti anayesa liti kubwezeretsa zonse kuchokera ku backup, ndipo zinatenga maola angati. Mundiuze zimene ayankhe, ndikufunitsitsa kudziwa mmene makampani akuluakulu akumeneko amachitira. Komanso mukamabwera pa Khirisimasi mundigulireko madiski awiri a 4TB, kuno mtengo wake wakwera kwambiri. Ndalama ndidzakupatsani mukafika, kapena ndipereke kwa mayi ngati mungakonde choncho.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine m'bale wanu,
wa ku Limbe